Zithunzi za masamba a chinangwa ndili nazo 640 zokha, model ikulephera ikafika kumunda

chinangwa_ai:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za deep learning (kuphunzitsa pulogalamu ya kompyuta, imene timati model, kuzindikira zinthu poona zitsanzo) pamene zithunzi zokhala ndi ma label (dzina la chimene chili pa chithunzi) zili zochepa.

Ntchito yake ndi yozindikira matenda a chinangwa pa chithunzi cha tsamba chojambulidwa pa foni. Magulu alipo asanu. Zithunzi zimene mlangizi wa zaulimi anaziona n'kuzipatsa dzina zilipo 640: mosaic 310, masamba abwinobwino 150, green mite 85, brown streak 60, bacterial blight 35. Zina pafupifupi 5,000 zilibe dzina, ndipo zambiri zinabwera pa WhatsApp kuchokera m'minda ya ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota.

Ndatenga model yozindikira zithunzi ya ResNet-50 yophunzitsidwa kale pa ImageNet (mulu waukulu wa zithunzi za zinthu zosiyanasiyana), ndasintha layer yomaliza, n'kuiphunzitsa yonse ma epoch 40 (kudutsa zithunzi zonse maulendo 40) pa Colab ya Google, ndi njira yophunzitsira ya Adam, learning rate (kukula kwa sitepe iliyonse yophunzira) 0.001. Zithunzi ndinazisakaniza n'kugawa, 512 zophunzitsira, 128 zoyesera. Accuracy, kutanthauza zimene yalondola mwa zonse zoyesera, yafika 94%. Koma nditaipatsa zithunzi 50 zatsopano za m'munda wina, yalondola 27 zokha. Brown streak ikumaitcha mosaic kapena tsamba labwino.

Ndiyambe ndi chiti: kuonjezera augmentation (kusinthasintha zithunzi zomwezo kuti zioneke zambiri), kupita ku model yaikulu, kapena kupanga pseudo-label (kulola model kuti ipereke yokha mayina) pa zithunzi 5,000 zija?

mzere_wa_data:

Achimwene, zitatu zonsezo zidikire kaye. Choyamba 94% ijayo muichotse m'mutu, chifukwa model yanu inalowa m'mayeso ndi likasa.

Munthu akafika m'munda n'kupeza mtengo wodwala sajambula kamodzi. Amajambula kanayi kapena kasanu, tsamba lomwelo, dzuwa lomwelo, dothi lomwelo kumbuyo, mwina ndi chala chake chogwira tsambalo. Inu mukasakaniza zonse n'kugawa, zitatu zimagwera kophunzitsira, ziwiri koyesera. Pamenepo model sikufunika kudziwa matenda. Ikungozindikira munda. Ngati brown streak yambiri inajambulidwa m'minda iwiri ya dothi lamchenga, kwa iyo mchenga ndiye brown streak.

Zimenezi zinaonekera poyera mu 2016. Mohanty, Hughes ndi Salathé anaphunzitsa model pa zithunzi za masamba za mu dataset ya PlantVillage zoposa 54,000, mbewu 14, n'kupeza accuracy yoposa 99%. Atayesa pa zithunzi zojambulidwa m'malo ena, inagwa kufika cha pa 31%. Masamba a PlantVillage anali othyola, oikidwa pa malo oyera bwino opanda udzu kapena mthunzi. Ngati zinachitika ndi 54,000, nanga ndi 640?

Chitani izi. Mu CSV yanu onjezerani ma column a munda, tsiku ndi wojambula. WhatsApp imachotsa EXIF (zambiri zimene foni imalemba mkati mwa chithunzi), ndiye GPS ndi mtundu wa foni simudzazipeza, koma pa Android dzina la file limakhala ndi tsiku, komanso mukudziwa amene anatumiza. Wotumiza kuphatikiza tsiku ndi zokwanira kuimira munda. Kenako gawani ndi StratifiedGroupKFold ya scikit-learn, ma fold asanu (zigawo zisanu zosinthana kukhala zoyesera), groups akhale munda. Lamulo lake n'limodzi: munda umene uli kophunzitsira usapezeke koyesera.

Musanagawe chotsani zithunzi zobwereza. Zodutsa pa WhatsApp zimatumizidwa kawiri katatu ndi anthu osiyana, ndipo MD5, imene imangogwira ma file ofanana ndendende, sizigwira chifukwa file imapanikizidwanso. Gwiritsani phash ya library ya imagehash, imene imayerekeza maonekedwe a zithunzi. Zithunzi ziwiri zikasiyana ndi ma bit 8 kapena kucheperapo mwa 64, zioneni ndi maso anu.

Accuracy nayo muisiye. Mosaic ndi 310 mwa 640, ndiye model yongoyankha kuti "mosaic" pa chilichonse imapeza 48%. Yanu pa munda watsopano yapeza 54%. Muziona macro-F1 (muyezo umene umawerengera magulu onse mofanana), recall ya gulu lililonse (zingati mwa zithunzi za gululo zimene model yazipeza), ndi confusion matrix (tebulo loonetsa magulu amene ikusokoneza). Komanso werengani: mwa zithunzi 128 zoyesera, bacterial blight zilimo pafupifupi 7. Kuphonya chimodzi kumatsitsa recall ndi 14%. Nambala yotere singakuuzeni ngati kusintha kwanu kwathandiza kapena ndi mwayi chabe. Ndi ma fold asanu chithunzi chilichonse chimayesedwa kamodzi, zonse 35.

Mukafuna umboni woti model ikuyang'ana kumbuyo, phimbani pakati pa chithunzi chilichonse ndi bokosi lotuwa kuti tsamba lenilenilo lisaoneke, n'kuphunzitsanso ndi kagawidwe kanu kakale. Ikadutsabe 48% ndi patali, mwaipeza. Grad-CAM, njira yojambula pamene model ikuyang'ana pa chithunzi, imaonetsanso zomwezo, koma zithunzi zake n'zosavuta kudzinamiza nazo, munthu umaona chimene ukufuna kuona.

gpu_yobwereka:

Zimene anena a mzere_wa_data ndi zoona, ndipo nambala yanu ikatsika musadandaule, imeneyo ndiyo yeniyeni. Ine ndikambe za kaphunzitsidwe, chifukwa pamenepanso pali zolakwika.

ResNet-50 ili ndi ma parameter oposa 25 miliyoni. Kuitsegula yonse ndi learning rate ya 0.001 pa zithunzi 512, layer yomaliza ili yatsopano yosadziwa kanthu, kumawononga zimene inaphunzira pa ImageNet m'ma step oyambirira omwe. Ma gradient ochokera ku mutu watsopanowo amakhala aakulu komanso opanda tanthauzo. Pofika epoch 40 imakhala itangoloweza zithunzi zanu.

Yambani osaphunzitsa network n'komwe. Dutsitsani chithunzi chilichonse kamodzi, tengani manambala 2,048 otuluka layer yomaliza isanafike (amenewa ndiwo ma feature), sungani mu file. Pamwamba pake ikani LogisticRegression yokhala ndi class_weight ya balanced, muyese C kuyambira 0.01 mpaka 10. Ma fold asanu amatha m'masekondi, ngakhale pa laputopu. Chitaninso chimodzimodzi ndi DINOv2, model ina ya zithunzi imene Meta inatulutsa mu 2023: ViT-S/14 imapereka manambala 384, ViT-B/14 imapereka 768. Pa zithunzi zochepa ma feature ake kawirikawiri amaposa a ResNet ya ImageNet. Kumbukirani kuti kukula kwa chithunzi kuzigawika ndi 14, monga 224 kapena 448. Macro-F1 imene mupeze apa ndiyo muyezo wanu. Chilichonse chovuta chimene muyese pambuyo pake chikalephera kuiposa, chitayeni.

Mukafuna fine-tuning, kutanthauza kuphunzitsanso network yeniyeniyo pa zithunzi zanu, pitani pang'onopang'ono. Phunzitsani mutu wokha (layer yomaliza ija) ma epoch 3 mpaka 5 pa 0.001. Kenako tsegulani layer4 yokha pa 0.00005 kapena kutsikirapo, mutu ukhale pa 0.0005, AdamW, weight decay 0.01, batch 16 kapena 32, label smoothing 0.1, ma epoch 15 mpaka 20 ndi cosine schedule. Pa magulu ochepa gwiritsani WeightedRandomSampler kapena ma weight mu loss, chimodzi mwa ziwirizi. Mukaphatikiza zonse, model imayamba kuona bacterial blight paliponse.

Pali msampha umene umagwira anthu ambiri: BatchNorm, ma layer amene amalinganiza manambala potsata mean ndi variance ya batch. Mu PyTorch, kuika requires_grad pa False sikuletsa running mean ndi variance kusintha. Mukangoitana model.train(), manambala amenewo amayamba kutsatira ma batch anu aang'onoang'ono, ndipo ma layer amene mukuganiza kuti mwatseka akusinthabe zotuluka zake. Chizindikiro chake ndi training loss yotsika bwino pamene validation ikudumphadumpha. Mukamaliza model.train() pa epoch iliyonse, bwererani pa ma BatchNorm a gawo lotsekedwalo muwaike pa eval(). Mu Keras ndi kuitana base model ndi training=False.

Tsopano augmentation. Apa musakopere za ImageNet mwachimbulimbuli, chifukwa galu akasintha mtundu amakhalabe galu, koma tsamba lachikasu si tsamba lobiriwira. Hue isapitirire 0.02. Brightness ndi contrast mutha kufika 0.3, popeza ena amajambula dzuwa lili paliwombo, ena madzulo. Kutembenuza mbali zonse ndi kuzunguliza chithunzi n'zabwino, tsamba lilibe mutu kapena miyendo. RandomResizedCrop ya torchvision mukaisiya mmene ilili imatha kudula mpaka 8% yokha ya chithunzi, ndiye imadula pamene pali matenda n'kusiya mbali yabwino ili ndi label ya brown streak. Ikani scale pa 0.5 mpaka 1.0.

Chimene ambiri amaiwala ndi JPEG. Ngati gulu lina linabwera pa WhatsApp pamene lina linakopedwa kuchokera mu foni ndi chingwe, model imaphunzira zipsera za kupanikiza kwa WhatsApp m'malo mwa matenda. Chepetsani zithunzi zonse kufika pa saizi imodzi ndi njira imodzi, ndipo muonjezere ImageCompression ya albumentations, quality 40 mpaka 95, ndi motion blur pang'ono.

Chomaliza, 224 ndi yochepa pa ntchito iyi. Timadontho ta green mite n'tating'ono ngati pamene paboola singano, timasowa mukachepetsa chithunzi. Yesani 384 kapena 448 (pa DINOv2, 448). GPU yaulere ya Colab imakwanitsa ndi batch 16 ndi mixed precision.

wa_kumunda:

Ine ndikayikira ma label enieniwo, makamaka 60 za brown streak.

Matenda awiriwa saoneka pa malo amodzi a mtengo. Mosaic imaonekera kwambiri pa masamba anthete a kunsonga: amapiringizika, amachepa, amakhala mawangamawanga obiriwira ndi achikasu. Brown streak imakonda masamba akuluakulu a m'munsi, chikasu chake chimatsata timitsempha ta tsamba, koma tsambalo silipindika. Pa mitundu ina ya chinangwa masamba saonetsa kwenikweni, mpaka tsiku lokumba pamene mumapeza chinangwa chowola mkati, chofiirira ngati chikwa chouma. Tsono mlimi akauzidwa kuti ajambule tsamba, amajambula lapamwamba limene lili pafupi ndi maso. Ngati mlangizi anapereka dzina atauona mtengo wonse kapena atakumba, pamene chithunzi chikuonetsa nsonga yobiriwira bwino, label ndi yoona pa mtengo koma ndi yabodza pa chithunzi. Model ikamati "tsamba labwino" pamenepo sikulakwitsa.

Funsani kuti dzina linaperekedwa poona chiyani. Kenako sankhani zithunzi 100, muzipereke kwa mlangizi wina wosadziwa mayankho a woyamba uja, muwerenge Cohen's kappa, muyezo wa mmene awiriwo akugwirizanirana. Anthu awiri odziwa ntchito akamasemphana pa chithunzi chimodzi mwa zisanu, musayembekezere kuti model idutse pamenepo. Ma prediction a cross-validation amene a gpu_yobwereka afotokoza amathandizanso: sanjani zithunzi zimene model ikutsutsa label mwamphamvu, muone 50 zoyambirira. Library ya cleanlab imachita zomwezo. Musasinthe label nokha chifukwa model yatero, bwererani nazo kwa mlangizi.

Chinanso, mtengo umodzi umatha kudwala mosaic ndi brown streak nthawi imodzi. Onse amafalitsidwa ndi tintchentche toyera tija timakhala kunsi kwa masamba, komanso kudzera mu mitengo yobzala yochokera m'munda wodwala. Softmax imakakamiza yankho limodzi. Ngati zithunzi zotere zilipo zambiri, sinthirani ku sigmoid pa gulu lililonse ndi BCEWithLogitsLoss, ndipo mlangizi aloledwe kuchonga mabokosi awiri.

Nyengo nayo ndi likasa lina limene kugawa potsata minda sikungaligwire. Green mite imachuluka m'chilimwe, bacterial blight imakonda nyengo ya mvula. Ndiye zithunzi za green mite zimakhala ndi fumbi, udzu wouma ndi dzuwa lowala, za blight zimakhala ndi dothi lonyowa ndi mitambo. Onani miyezi ya gulu lililonse. Mukapeza kuti masamba abwino onse ndi a mu February, muyenera kujambula masamba abwino mu September, ngakhale 40 okha. Chimodzimodzi mitundu ya chinangwa: Mbundumali ndi mitundu yowawa ya kondowole sizifanana masamba, ndipo gulu lililonse lifunika likhale ndi mitundu ingapo.

Ndipo magulu asanu sakukwana. Mufunika lachisanu ndi chimodzi la "zina": kuperewera kwa chakudya m'nthaka, mawanga a brown leaf spot, tsamba lopsa ndi mankhwala, tsamba lokalamba, chithunzi cha mbatata kapena cha mwana wa mlimi. Mwa 5,000 zija zoterezi zilimo ndithu. Popanda gulu limeneli model imapereka dzina la matenda pa chilichonse, molimba mtima.

mphepo_ya_mwera:

Ndiyankhe za zithunzi 5,000, koma ndiyambe ndi chinthu chimene palibe watchula. Magulu anu asanu ndi omwewo a dataset ya Makerere University ku Uganda imene inagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa Kaggle mu 2020. Ili ndi zithunzi zoposa 21,000 zojambulidwa m'minda yeniyeni. Phunzitsani model pa zimenezo kaye, kenako muimalizitse pa 640 zanu ndi learning rate yotsika. Kuchoka pa agalu ndi magalimoto a ImageNet kupita pa chinangwa ndi ulendo wautali, kuchoka pa chinangwa cha ku Uganda kubwera pa cha ku Nkhata Bay ndi waufupi. Dziwani kuti ma label ake ena ndi olakwika ndipo mosaic yokha ndi pafupifupi zithunzi 6 mwa 10 zilizonse, ndiye sampler ija ikufunikabe.

Pseudo-label imagwira, koma imachulukitsa chilichonse chimene model ili nacho kale, zolakwa zomwe. Njira ya pseudo-label yotchedwa FixMatch, ya 2020, imalandira chithunzi pokhapokha confidence ikafika 0.95. Ndi data yopendekeka ngati yanu, zodutsa mulingo umenewo zidzakhala mosaic ndi masamba abwino pafupifupi zonse, ndipo brown streak imene model ikuitcha mosaic idzalowa ndi dzina lolakwikalo n'kukhazikika. Mukaumirira kuyesa, ikani malire ofanana pa gulu lililonse, mwachitsanzo zithunzi 100 zapamwamba, weight yake mu loss ikhale theka, ndipo musatengepo chithunzi cha munda umene uli koyesera.

Kwa ine 5,000 zimenezo ntchito yake yaikulu ndi kusankhiramo zoti mlangizi azione. Nthawi yake ndiyo yodula, ndiye isathere pa mosaic ya nambala 311. Tengani ma feature a DINOv2 a zithunzi zonse. Pa chithunzi chilichonse cha brown streak ndi bacterial blight chimene label yake mwatsimikiza, pezani zisanu zoyandikana nacho mwa zopanda dzina, zochokera m'minda ina. Onjezerani zimene model ikukayika kwambiri, zimene kusiyana kwa yankho loyamba ndi lachiwiri kuli kochepa. Onjezeraninso 40 zongotola mwachisawawa, kuti musamangozungulira pamene model ikudziwa kale kuti pali vuto. Zikakwana 200 ziikeni mu Label Studio (pulogalamu yoikira ma label), mlangizi azione, phunzitsaninso, bwerezani kawiri kapena katatu.

Kuphunzitsa SimCLR (njira yophunzira pa zithunzi zopanda ma label) kuyambira pachiyambi pa zithunzi 5,000 musayese, njira imeneyo inapangidwira zithunzi zoposa miliyoni ndi ma batch a masauzande. Zithunzi zopanga ndi GAN (model yopeka zithunzi zatsopano) kuchokera pa 35 nazonso zimangobwereza 35 zomwezo.

mzere_wa_data:

Za Makerere ndikugwirizana nazo, koma ndi chenjezo. Werengani malamulo a dataset imeneyo musanaigwiritse ntchito pa app yoti anthu azilipira. Ndipo chithunzi cha ku Uganda chisalowe koyesera ngakhale chimodzi, chifukwa funso lanu ndi la minda ya kuno.

Zithunzi zosankhidwa ndi active learning, njira imene a mphepo_ya_mwera afotokozayo, nazonso ndi zophunzitsira basi. Munazisankha chifukwa n'zovuta, ndiye siziimira zimene alimi adzatumize. Patulani minda itatu kapena inayi yoti musaikhudze mpaka kumapeto. Mukamasankha epoch, learning rate ndi saizi ya chithunzi poyang'ana ma fold omwewo kakhumi, nambala yake imakweranso mwabodza, pang'ono pang'ono.

chinangwa_ai:

Zikomo nonse. Ndagawanso potsata wotumiza ndi tsiku, zapezeka kuti zithunzi 640 zija n'zochokera m'minda 23 yokha, ndipo 41 mwa 60 za brown streak ndi za minda iwiri. Phash yapeza zobwereza 38. Ndi kagawidwe katsopano ResNet yanga yakale yatsika kufika pa macro-F1 ya 0.52, pamene DINOv2 ndi logistic regression yapereka 0.66 popanda fine-tuning iliyonse. Ma label ndiwabweza kwa mlangizi.

Funso lotsala: app iyenera kugwira pa foni yotchipa ya Android popanda intaneti. DINOv2 ingalowe mmenemo?

gpu_yobwereka:

Ingalowe movutikira, koma palibe chifukwa. Apa ndi pamene 5,000 zija zimagwira ntchito bwino. Mukamaliza kukonza model yaikuluyo, ipangeni kukhala mphunzitsi: ipatseni zithunzi zonse, zokhala ndi dzina ndi zopanda, musunge ma probability ake onse, osati yankho lapamwamba lokha. Kenako phunzitsani model yaing'ono ya pa foni, MobileNetV3 kapena EfficientNet-Lite0, kuti izitsanzira ma probability amenewo, ndi temperature ya 2 mpaka 4, kuphatikiza loss wamba pa zithunzi za ma label enieni. Kusiyana kwake ndi pseudo-label n'kwakuti pamene mphunzitsi akukayika, mwachitsanzo 0.55 mosaic ndi 0.40 brown streak, kukayikako kumapitanso kwa wophunzira.

Posinthira ku TensorFlow Lite (yoyendetsera model pa foni) ndi int8 (kuchepetsa manambala a model kukhala a ma bit 8, kumene timati quantization), representative dataset ikhale zithunzi 200 kapena 300 za magulu onse ndi nyengo zonse, ndipo muyesenso recall ya gulu lililonse pa file ya tflite yeniyeniyo. MobileNetV3 nthawi zina imataya zambiri pa int8. Mukaona choncho yesani float16 kapena EfficientNet-Lite, imene inapangidwa poganizira quantization.

Zolakwika zambiri pa foni sizichokera ku model koma pokonza chithunzi. OpenCV imawerenga BGR pamene Android imapereka RGB. Torchvision imafuna mean ya 0.485, 0.456, 0.406 ndi std ya 0.229, 0.224, 0.225, pamene MobileNetV2 ya Keras imafuna manambala a pakati pa -1 ndi 1. Tengani zithunzi 20, zidutsitseni mu Python ndi mu app, muyerekeze manambala otuluka. Akasiyana kwambiri, vuto lili pamenepo.

Pomaliza ikani mulingo wokana kuyankha. Konzani confidence ndi temperature scaling pa validation, kenako sankhani nambala imene pansi pake app izinena kuti "jambulaninso" kapena "funsani alangizi". Potsatira zimene a wa_kumunda anena, app izipempha zithunzi ziwiri pa mtengo uliwonse, china cha kunsonga, china cha tsamba lalikulu la m'munsi, ndipo izisunga nambala ya munda ndi tsiku pamodzi ndi chithunzicho kuti ulendo wotsatira musadzavutikenso ndi mayina a ma file a WhatsApp.